Tsiku la 6 Julayi ndi Eni Ake

Mwezi wa Julayi ukafika kuno kumapiri a ku Thyolo, chimanga chitalowa kale m'nkhokwe ndipo m'minda mutangotsala mapesi okhaokha, imadzuka mphepo ija timaitcha chiperoni, imene idatenga dzina lake kuphiri la Chiperone la ku Mozambique kumene imadzera. Ndipo ikadza ndi nkhungu yake ndi mvula yake yamawawa, yosakhutitsa nthaka koma yolowa m'mafupa, mudzi wonse umachedwa kudzuka, ana amaunjikana pamoto akuotcha mbatata, ndipo ife okalamba sitichoka m'nyumba kufikira dzuwa litang'amba mitambo. M'kati mwa chisanu chimenechi ndimo mudagwera tsiku lalikulu la dziko lathu, la 6 Julayi. Ndipo popeza ndalisunga zaka zoposa 60 tsopano, poyamba monga mwana, pambuyo pake monga mphunzitsi wotsogolera ana kubwalo la zikondwerero, ndipo lero monga gogo wa pamoto, ndayesa chinthu choyenera kuti ndilembe zimene mtima wanga wakhala ukusinkhasinkha za ilo.

Ndidali ndi zaka 9 usiku uja wa pa 5 Julayi 1964, pamene bambo anga adatulutsa wayilesi yawo ya mabatire, imene adabwera nayo pochokera kumigodi ya ku Johannesburg, naikhazika pamtondo wovundikira pakati pa bwalo, kuti mudzi wonse umve zochitika ku Blantyre. Amayi adandiveka malaya awiri ndi juzi ya achimwene anga pamwamba pake, nandifunditsanso chitenje chawo, chifukwa mphepo idali yoluma makutu. Pakati pa usiku mawu a muwayilesimo adati mbendera ya Angerezi yatsitsidwa pamaso pa Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth, ndi kuti yakwera ina, yakuda, yofiira ndi yobiriwira, yokhala ndi dzuwa lotuluka. Pomwepo amayi onse adaimba nthungululu, amuna adafuula kuti kwacha, ndipo agalu a m'mudzi monse adauwa. Ine ndidayang'ana kunjira yochokera kumsewu, poyesa kuti chinthu chachikulu chotero chiyenera kuoneka ndi maso, ndipo ndidafunsa kuti, "Bambo, nanga ufuluwo ufika liti kuno kwathu?" Iwo adakhala chete kanthawi, akusonkheza moto, kenaka adati, "Wafika kale, mwana wanga, koma ndi wakhanda, ndipo wabadwa m'chisanu, ufunika kuufunditsa." Mawu a akuluakulu akoma akagonera: adandigonera ine zaka zambiri ndisadamve kukoma kwake.

Tsiku limeneli silidatigwere mwangozi monga imagwera mphezi, lidachita kusankhidwa. Pa 6 Julayi 1958 ndi pamene Dr Hastings Kamuzu Banda adatsika ndege pa Chileka, atakhala kunja zaka zoposa 40, akuphunzira ku America ndi ku Scotland ndi kuchiza odwala ku England ndi ku Ghana, ataitanidwa ndi anyamata a chipani cha Congress, monga Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza, amene adaona kuti pofuna kuphwanya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland pafunika munthu wa imvi amene mafumu ndi anthu akumidzi angamumvere. Ntchitoyo idachitikadi, ngakhale idadzera m'mwazi wa pa 3 Malichi 1959 ndi m'ndende ya ku Gwelo. Chitaganya chidatha pakutha pa chaka cha 1963, ndipo palibe munthu woona mtima amene angamane Dr Banda gawo lake pa chipambano chimenecho. Koma pofika posankha tsiku la ufulu, lidasankhidwa lomwelo la kubwera kwake. Pofika posandutsa dziko kukhala lipabuliki mu 1966, lidasankhidwa lomwelonso. Ndipo mu 1971, polumbiritsidwa iye kukhala mtsogoleri wa moyo wake wonse, lidali lomwelo kachinayi. Motero tsiku limene lidayenera kukhala bwalo la fuko lonse lidasanduka ngati khonde la munthu mmodzi, ndipo ife amene tidakula m'zaka zimenezo, poguba ndi povina chaka ndi chaka milomo itauma ndi mphepo, sitidathe kusiyanitsa pakati pa kubadwa kwa dziko ndi kubwera kwa mwini dzina.

Maso anga adayamba kutseguka nditapatsidwa ntchito yophunzitsa mbiri yakale, pamene ndidazolowera kulemba m'kope langa zinthu zonse zimene ndidazipeza m'mabuku kuti zidachitika pa tsiku lomwelo kumaiko ena. Pakuti ndidapeza kuti njira imene ndinkayesa kuti tidailambula ndife idali itapondedwa kale ndi mapazi ambiri, ena a mafumu, ena a ansembe, ena ang'onoang'ono a ana. Ndiyenera kunena pano kuti kufanana kwa masiku ndi kwa pakalendala chabe, chifukwa mwezi umene ife timaotha moto ndi umene anthu a ku Ulaya amatuluka thukuta, ndiponso kawerengedwe ka masiku kadasinthidwa mu 1582, pamene Papa Gregory XIII adalamula kuti likatha tsiku la 4 Okutobala, kuche pa 15. Sindikhulupirira kuti m'tsiku muli mphamvu yobisika yoitana zochitika zake. Komabe anthu amene akumana pamphambano, ngakhale sadapangane, amatha kuuzana za kumene achokera, ndipo ndi mtima umenewo ndidayamba kuwamvetsera alendo a tsiku lathuli.

Woyamba mwa iwo ndi Jan Hus, wansembe wa ku Bohemia, amene ankalalikira mumzinda wa Prague m'chinenero cha anthu wamba, nadzudzula poyera chuma cha akulu a mpingo ndi malonda a makalata a chikhululukiro cha machimo. Adaitanidwa kumsonkhano waukulu wa mpingo ku Konstanz, atalonjezedwa ndi Mfumu Sigismund kuti adzapita ndi kubwerako mwamtendere. Koma atafika adamangidwa, nakhala m'ndende miyezi yoposa isanu ndi iwiri, akuumirizidwa kukana ziphunzitso zake, iye nayankha kuti adzazikana pokhapokha atamuonetsa kulakwa kwake kuchokera m'Malemba. Pa 6 Julayi 1415 adamvula zovala zaunsembe, namveka chisoti cha pepala chojambulidwa ziwanda, namtentha wamoyo kunja kwa mzinda, ndipo phulusa lake adalitaya mumtsinje wa Rhine kuti pasatsale kanthu koti omtsatira asunge. Koma phulusa lotayidwa m'madzi limafika kutali kuposa loikidwa m'manda: kufikira lero anthu a dziko la Czech sapita kuntchito pa 6 Julayi, monganso ife, iwo pokumbukira munthu wophedwa, ife pokumbukira dziko lobadwa; ndipo mu 1999 Papa John Paul II adanena poyera chisoni chake pa imfa yankhanza imene Hus adafa.

Patapita zaka 120 zenizeni, pa 6 Julayi 1535, munthu wina adakwera pansanja yophera anthu pafupi ndi ndende ya Tower of London, nadulidwa mutu. Ameneyu ndiye Thomas More, katswiri wa malamulo, amene adakhalapo nduna yaikulu yoweruza milandu ya Mfumu Henry VIII ndi bwenzi lake lodya naye pamodzi, koma adakana kulumbira kuti mfumuyo ndiyo mutu wa mpingo wa ku England. Sadautse nkhondo, sadasonkhanitse anthu. Adangotula pansi udindo wake nakhala chete, ndipo kukhala chete komweko ndiko kudamphetsa, popeza wolamula amene wazolowera kuomberedwa m'manja amamva manja osaomba kuposa manja onse oomba. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti anthu awiriwa, akadakhala ndi moyo nthawi imodzi, sakadapatsana moni: Hus adafa chifukwa chokana kugonjera akulu a mpingo wa ku Roma, More adafa chifukwa chokana kuusiya mpingo womwewo; ndipo More, m'masiku a ulamuliro wake, adasaka anthu a ziphunzitso zatsopano, ena mwa iwo natenthedwa monga adatenthedwera Hus. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sindinena izi pofuna kuchepetsa kulimba mtima kwake, pakuti ndimakulemekeza. Koma ndaphunzira kwa iye kuti munthu angathe kufera chikumbumtima chake pamene sadachitire chifundo chikumbumtima cha mnzake, ndipo tchimo limeneli silili kutali ndi aliyense wa ife.

Powerenga za More sindidathe kuletsa maganizo anga kubwerera kwathu. Patangopita miyezi iwiri chikwezereni mbendera ija, mu Seputembala 1964, nduna zidasemphana mawu ndi Dr Banda. Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi adachotsedwa, pamodzi ndi mayi Rose Chibambo, ndipo Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi maudindo awo. Ena mwa anthu omwe adamuitana mkuluyo kuti abwere kwawo ndiwo adathawa kwawo. Chipembere adakafera ku America mu 1975, Yatuta Chisiza adaphedwa ndi zipolopolo mu 1967 atabwerera ndi mfuti, ndipo Orton Chirwa, loya woyamba wa dziko lino, amene adayambitsa chipani cha Malawi Congress Dr Banda ali m'ndende nampatsa utsogoleri wake atatuluka, amene adalinso nduna ya zachilungamo monga More, adagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera mu 1981, nafera m'ndende ya ku Zomba mu Okutobala 1992, patatsala miyezi yosakwana isanu ndi itatu kuti Amalawi avote pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Makolo adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ife tidakhala zaka 30 tikuyesa aliyense wotsina khutu mdani. Ndipo m'zaka zonsezo ndidaguba ndi ana anga a sukulu pa 6 Julayi, ndikudziwa mayina amene sankatchulidwa, osawatchula. Wakhanda uja bambo adanena tidamfunditsadi, koma tidamfunditsa mpaka kumutu, kotero kuti adatsala pang'ono kubanika.

Maiko ena a mu Africa muno alinso ndi gawo pa tsikuli. Pa 6 Julayi 1967 mfuti zoyamba za nkhondo ya pachiweniweni ya ku Nigeria zidalira, nkhondo ya Biafra ija idatha mu Januwale 1970 itapha ndi njala ana osawerengeka; ndipo pa 6 Julayi 1975 zisumbu za Comoros zidalengeza ufulu wawo kuchoka m'manja mwa France, koma mtsogoleri wawo woyamba, Ahmed Abdallah, adagwetsedwa pasanathe mwezi umodzi.

Koma m'mene ndikukalamba, nkhani za mafumu ndi nduna zikuchepa mphamvu mumtima mwanga, ndipo zimene zikukula ndi za ana. Pa 4 Julayi 1885, kudera la Alsace, mnyamata wa zaka 9, msinkhu womwe ndidali nawo usiku wa wayilesi uja, dzina lake Joseph Meister, adalumidwa ndi galu wachiwewe malo 14; ndipo m'masiku amenewo, monganso lero, munthu amene chiwewe chayamba kuonekera mwa iye sachira. Mayi wake sadakhale pansi kulira maliro a mwana wamoyo. Adamtenga ulendo wautali wa ku Paris, kukafunafuna Louis Pasteur, amene zidamveka kuti akuyesa mankhwala a chiwewe pa agalu. Pasteur sadali dokotala wa anthu, ndipo mankhwala akewo, opangidwa ndi mtsempha waukulu wa m'msana wa akalulu odwala chiwewe, woumitsidwa masiku angapo kuti ululu wake ufooke, adali asanatsimikizike pa munthu. Akadafa mwanayo, mlandu ukadakhala pamutu pake. Komabe madzulo a pa 6 Julayi adalola, ndipo Dr Jacques-Joseph Grancher adabaya jakisoni woyamba. Adatsatira ena, onse pamodzi 13 m'masiku 11, kuyambira wofooka kwambiri kufikira waukali, kuti thupi liphunzire kumenyana ndi mdaniyo asanafike kuubongo. Mwanayo sadadwale. Adakula, nakhala mlonda wa pachipata cha Institut Pasteur, kufikira imfa yake mu 1940.

Nkhani imeneyi sindiiwerenga ngati ya kutali, chifukwa chiwewe ndidachiona ndi maso. Ndili mwana, mnzathu wina woweta naye mbuzi adalumidwa pamwendo ndi galu wosokera, bala lidapola, tonse tidaiwala. Patapita milungu ingapo adayamba kuopa madzi, kotero kuti amayi ake akamyandikizira chikho kukamwa ankanjenjemera thupi lonse ndi kuchikankha, ali ndi ludzu loopsa, ndipo pasanathe sabata tidamuika. Patapita zaka zambiri, ndili mphunzitsi, mwana wina wa m'kalasi langa adalumidwanso chimodzimodzi. Mayi wake adatsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, nambereka kumbuyo ngakhale adali wamkulu kale, nayenda naye wapansi kuchipatala tsiku lomwelo, nabwereranso naye masiku onse amene adauzidwa kufikira majakisoni atatha. Mwana ameneyo lero ali ndi banja lake, ndipo amandipatsa moni pamsika. Mayi uja sadamvepo dzina la Alsace, koma poyenda mumsewu wafumbi uja ankaponda m'mapazi a mayi mnzake wa mu 1885, ndipo ine ndimayesa kuti ngati pali chinthu chochitika pa 6 Julayi chimene chidalowa m'mudzi mwathu mosachititsa munthu mantha, ndi chimenechi.

Mwana wina wa tsikuli sadapulumuke. M'mawa wa pa 6 Julayi 1942, mumzinda wa Amsterdam, mtsikana wachiyuda wa zaka 13, Anne Frank, adatuluka m'nyumba ya kwawo ndi makolo ake mvula ikugwa, kupita kukabisala m'zipinda za kuseri kwa nyumba imene bambo ake ankagwiriramo ntchito, chifukwa dzulo lake mkulu wake Margot adalandira kalata yomuitana kuntchito yaukapolo ya chipani cha Nazi. Popeza Myuda wonyamula sutikesi akadaoneka kuti akuthawa, adavala zovala zambiri pamodzi, china pamwamba pa chinzake, m'mwezi umene kwawoko ndi wotentha. Ndipo popeza Ayuda adaletsedwa kukwera zoyendera za anthu onse, adayenda wapansi, nyenyezi yachikasu yosonyeza kuti ndi Myuda ili pachifuwa. Nditawerenga za zovala zimenezo ndidatseka buku, pakuti ndidakumbuka malaya awiri ndi juzi ija amayi adandiveka: ine adandiveka kuti ndikaone ufulu ukubadwa, iye adavala kuti akabisale kwa anthu amene adamlanda ufulu wonse, ndipo manja ovekawo, kuno ndi uko, adali manja a makolo ofuna kuti mwana wawo aone mawa. Adakhala mobisalamo anthu 8, zaka ziwiri ndi mwezi umodzi, osatuluka panja, akulankhula monong'ona usana wonse, kufikira adagwidwa pa 4 Ogasiti 1944. Anne adafera mumsasa wa Bergen-Belsen kumayambiriro a 1945, ali ndi zaka 15. Mwa onse aja adabwerako bambo ake okha, Otto Frank, amene adasindikiza mu 1947 zimene mwana wake ankalemba m'kope lake.

Ndikadakonda kuti ana a tsikuli athere pamenepa, kutsidya kwa nyanja. Koma pa 6 Julayi 2017, dziko lathu likukwanitsa zaka 53 za ufulu, khamu lalikulu lidasonkhana m'mamawa kunja kwa Bingu National Stadium ku Lilongwe, kudikira kulowa kuti likaone zikondwerero ndi mpira wa pakati pa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Ndipo pokankhana pazipata, anthu 8 adapondedwa nafa, 7 mwa iwo ana. Adali ana odzuka kusanache m'chisanu chomwechi, ena mwina osadya kanthu chifukwa cha changu, ovekedwa majuzi ndi amayi awo monga ndidavekedwa ine, opita kukakondwerera dziko lawo. Masana ake mpira udaseweredwabe. Ndidamva uthengawo pawayilesi ndili pakhonde, ndipo ndidalira monga sindidalire pomva za Hus kapena za More, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiponso chifukwa awa sadafere chiphunzitso kapena lumbiro; palibe mfumu idawaweruza, palibe chimene adakana; adangokhala aafupi pakati pa anthu aatali. Kuyambira chaka chimenecho, pomva zolankhula za akuluakulu pa tsikuli, za misewu ndi milatho ndi chitukuko, khutu langa limadikira kumva ngati wina awakumbuke ana amenewo pamodzi ndi ngwazi zimene timazitchula chaka ndi chaka.

Chaka chino chiperoni chidabwera molawirira, ndipo m'mawa wa pa 6 Julayi nkhungu idaphimba minda ya tiyi kotero kuti phiri silidaoneke. Mdzukulu wanga wamkazi, amene ali ndi zaka 9, adadzuka tambala atangolira kachiwiri, chifukwa gulu lake lidayenera kukavina pabwalo la kuboma, ndipo adabwera pamene ndidakhala, atanyamula chitenje chake chovinira, nati, "Agogo, musavutike kundiperekeza, kukuzizira, ndipita ndi anzanga." Ndidamuuza kuti abwere pafupi, ndidamveka juzi yachiwiri pamwamba pa yoyamba, ndidamanga mabatani ake onse kufikira la pakhosi, ndidamuika mbatata yootcha m'thumba kuti izimtenthetsa manja panjira, kenaka ndidafunda bulangete langa, ndidatenga ndodo. Tidayenda pang'onopang'ono, anzake akutipitirira, iye akundikoka kuti tifulumire, ng'oma zikumveka kale kutsogolo m'nkhungumo. Pachipata padali anthu ambiri, akukankhana kuti alowe. Ndidamuimika pambali, pansi pa mtengo wa bulugamu, dzanja lake lili m'dzanja langa, ndipo tidadikira pomwepo kufikira khamu lonse litalowa.